Mlendo Wonyamula Thumba Pachipata cha a Nsikidzi

Dzina lawo lenileni linalipo, lolembedwa ndi penti wofiira pachitseko cha galimoto yawo ya ntchito, koma palibe amene ankalitchula. Aliyense ankangoti a Nsikidzi. Dzinali linabwera ndi ntchito, chifukwa bambowa ankayenda m'nyumba za anthu, m'malesitilanti ndi m'maofesi, pampu kumsana, chophimba pamphuno, kupopera mankhwala ophera nsikidzi, mphemvu ndi chiswe. Poyamba ankapsa nalo mtima, koma ataona kuti ndi lomwe likuwaitanira makasitomala, analivomera ngati mmene munthu amavomerera dazi.

Ntchitoyo inali itawalowa m'magazi. Akalowa m'nyumba ya munthu, maso awo sankaima pankhope ya mwini nyumba kapena pazithunzi za pakhoma. Ankathamangira kunsi kwa sinki ndi m'mphepete mwa kabati. Ndipo anali ndi chiphunzitso chimodzi chomwe ankachilalikira kwa kasitomala aliyense, wofuna ndi wosafuna yemwe.

"Mukaona mphemvu imodzi masana, musayambe kuifunsa kumene ikupita," ankatero. "Pondani. Azakhali ake ndi asuweni ake ali kuseri kwa firiji, akudikira lipoti."

Akazi awo anali telala, mayi wofatsa, wa maso akuthwa, amene ankatha kukuyeza m'chiuno pongokuyang'ana. Ana awo anali atakula n'kubalalika. Pakhomo panatsala Mzime yekha, mtsikana wa kukoleji, amene ankabwera kumapeto kwa sabata ndi chikwama cha zovala zakuda ndi njala ya anthu atatu.

Mavuto anayamba ndi mavu. Tsiku lina a Nsikidzi anakwera makwerero kukapopera chisa cha mavu kudenga la sitolo ina, koma mavuwo sanagwirizane ndi pulogalamu. Bambowo anatsika makwerero mwa njira yachidule, ndipo kuchipatala anawaika chikhakha mwendo wakumanzere, n'kuwauza kuti akhale pansi. Munthu wozolowera kupha kanthu tsiku lililonse kukhala pansi n'chilango. Anapopera nyumba yawo yomwe mpaka mphaka wa aneba anasiya kubwera. Pofuna kupulumutsa mapapo a banja, Mzime anabweretsa kamakina ka magemu, n'kukalumikiza ku TV ya pabalaza, n'kuika kowongolera m'manja mwa bambo ake.

Gemuyo inali ya pa intaneti, yosewera ndi anthu enieni, ena a kutali, ena a kuseri kwa mpanda. Aliyense ankapatsidwa kamunthu kake n'kuponyedwa m'dziko la nkhalango ndi mabwinja, chimanjamanja, atavala chiguduli chokha. Zonse unkazipeza wekha: kudula mitengo, kumanga nyumba, kuweta nkhuku, kusema uta. Ukakumana ndi mnzako panjira, zinali kwa iwe kumupatsa moni kapena kumulasa. Ndipo ukaphedwa, zonse zimene unanyamula zinkatsala pomwepo, iwe n'kukadzukira kumalekezero a dzikolo, m'chiguduli chomwe chija.

Mwendo unapola, koma matenda atsopanowa sanapole. A Nsikidzi akaweruka kuntchito ankangovula nsapato, kusamba m'manja, n'kudziponya pasofa, mahedifoni m'makutu. Anamanga linga pamwamba pa phiri, la mpanda wa mitengo yosongoka, chipata chachitsulo ndi nsanja yoonera patali. Patsinde pa phirilo panali kanyumba ka mlamu wawo, mlongo wa akazi awo, mnyamata wamkulu wowotcherera zitsulo, amenenso anali atagwidwa ndi gemu yomweyo. Awiriwa ankacheza pamahedifoni kuposa mmene anachezerapo pamaso.

Tisawanamizire a Nsikidzi kuti anabadwa ouma mtima. Masiku oyamba kunabwera mlendo wina pachipata, akutsimphina, n'kupempha madzi. Anamutsegulira, n'kumupatsa madzi ndi malo ogona. Mawa lake atayatsa TV anapeza khola lili pululu, nkhuku zonse zitapita, ndi chitseko cha khola chomwe. Kuyambira tsiku limenelo anaika lamulo: chilichonse choyenda ndi miyendo iwiri chikayandikira chipata, chilandire muvi.

"Koma alamu," anadandaula mlamu wawo tsiku lina, ataona mtembo wina uli gada pachipata, "kuseri kwa kamunthu kalikonse kuli munthu weniweni, wokhala pampando ngati inu. Mwina ameneyu wavutika mwezi wonse kutolera katundu wakeyu. Bwanji osayamba mwafunsa?"

"Chifundo chinapha nkhwali, alamu. Komanso ndi gemu chabe iyi. Palibe akufa."

"Ngati ndi gemu chabe, bwanji nkhuku zanu zitabedwa munagona ndi njala? Achemwali anandiuza."

"Zimenezo n'zina," anatero a Nsikidzi, n'kukoka uta.

Amene ankalipira mtengo weniweni wa linga limeneli anali akazi awo. Ankabwera kuchokera kushopu ali ndi nkhani zodzaza mkamwa, koma pabalaza ankangopeza nkhongo ya mwamuna wawo. Chilichonse chimene anganene, yankho linali limodzi: "Eee." Tsiku lina anayesa dala.

"Abambo, galimoto yanu ija ndagulitsa."

"Eee, mwachita bwino."

Mayiwo anaima kumbuyo kwa sofa, thireyi ya tiyi m'manja, n'kuyang'ana chimene chinawalanda mwamuna. Anaona kamunthu ka a Nsikidzi kataima pansanja monyada, chisoti chachitsulo kumutu, uta waukulu paphewa. Kenako kanatembenuka. Thalauza lake linali long'ambika kumbuyo, kuyambira palamba mpaka pabondo. Mayiwo anaika thireyi pansi.

"Kodi anthu onsewo amakuonani chonchi?"

"Shh, amayi, kukubwera mimbulu."

Mkazi akhoza kupirira zambiri, koma telala sangapirire kuti mwamuna wake aziyenda matako pamtunda pamaso pa anthu a mayiko onse. Loweruka lotsatira anakokera Mzime kuchipinda.

"Undiphunzitse chinthu chimenechi. Ngati bambo ako anasamukira m'menemo, ndikawapeza komweko. Koma usawauze."

Mzime anaseka mpaka kugwira m'mimba, kenako anaona kuti amayi ake sakuseka, ndipo anatulutsa laputopu yake yakale.

Laputopuyo inakakhala kushopu, pansi pa tebulo lodulira nsalu, ndipo makasitomala akachepa mayiwo ankaitulutsa. Kuyamba kunali kowawa. Kamunthu kawo kankayenda chammbuyo, kankayang'ana kumwamba pamene njoka ili pansi, kanagwera m'dzenje limodzimodzi mpaka dzenjelo linakhala ngati kwawo. Nguluwe ina inawathamangitsa masana onse, iwo akukuwa m'shopu, mpaka wogulitsa nsapato woyandikana nawo anabwera ndi ndodo. Koma tsiku lina anatulukira kuti m'gemumo muli thonje, muli makina owombera nsalu, muli singano. Apa ndiye nsomba inabwerera m'madzi. Posakhalitsa anthu a m'dzikomo anayamba kudziwa kuti kutsidya kwa dambo kuli mayi wina wosayenda bwino koma wosoka modabwitsa, ndipo ankabwera ndi zikopa ndi utoto kudzasinthitsa ndi malaya. Anamutcha Singano.

Madzulo aliwonse asanatseke shopu, Singano ankasoka chovala chimodzi chomwe sichinali chogulitsa: jekete lalitali labuluu, la mabatani amkuwa, ndi thalauza lake. Mabataniwo anawavutikira kwambiri, chifukwa mkuwa unkapezeka m'phanga la zimbalangondo. Atamaliza anazipinda bwinobwino, n'kuziika m'thumba, n'kuyamba ulendo wautali wopita kuphiri la mwamuna wawo. Anawerengera kuti akafike pa tsiku lokumbukira ukwati wawo, tsiku limene ankadziwa bwino kuti a Nsikidzi aliiwala.

Linali Loweruka masana. Mayiwo anaphika nkhuku ndi mpunga, n'kubisa keke m'kabati, kenako analowa kuchipinda kwa Mzime ndi laputopu ija. Pabalaza, a Nsikidzi anali pansanja yawo, akucheza ndi mlamu wawo pamahedifoni.

"Alamu, kukubwera munthu," anatero a Nsikidzi.

"Ndamuona. Alibe chida ameneyo. Taonani mmene akuyendera, ngati nkhanu."

Zoonadi, mlendoyo ankakwera phiri mokhotakhota. Anagunda mtengo, n'kubwerera pang'ono, n'kuuweramira ngati akuupepesa, kenako anapitiriza.

"Nanga thumba limenelo?"

"Mwina ndi mbatata."

"Mwina ndi mabomba."

Mlendoyo anafika pachipata, n'kukweza dzanja. Pamwamba pa mutu wake panaoneka mawu: Odi. Kenako panaoneka timadontho tosonyeza kuti akulembabe. Kuchipinda kuja, mayiwo anali akusakasaka zilembo ndi chala chimodzi, lilime panja, Mzime atagwira pakamwa kuti asaseke.

"Akulemba, alamu, dikirani," anatero mlamu uja. "Mufunseni kuti ndi ndani. Kufunsa sikulipiritsa."

"Mbala zonse zimayamba ndi odi," anayankha a Nsikidzi.

Muvi unalira. Mlendoyo anagwa chagada, miyendo m'mwamba, thumba n'kugubuduzika mpaka pachipata. Kuchipinda kwa Mzime kunamveka mpando ukugwa.

"Iwe Mzime, chepetsa phokoso!" anakuwa a Nsikidzi. "Anthu tili pankhondo kuno!"

"Tsegulani thumbalo tione," anatero mlamu wawo mokhumudwa.

"Ine? Katundu wa mlendo ali ngati matiresi ogula pamsewu. Ukangolowetsa m'nyumba, walowetsa mavuto." Anatenga muvi wamoto n'kulasa thumba lija. Linayaka bwino kwambiri, utsi wake wabuluu.

Madzulo pachakudya a Nsikidzi anali osangalala kuposa masiku onse. Anayamikira nkhuku, anawonjezera mpunga, ndipo kwa nthawi yoyamba pa miyezi yambiri anali ndi nkhani yoti auze banja lawo.

"Lero ndapha chitsiru china," anayamba. "Koma inu, anthu ena asamapatsidwe intaneti. Chinkayenda chonchi." Anaimirira n'kuyamba kuyenda chammbali kuzungulira tebulo, n'kugunda firiji, n'kuiweramira. "Kupepesa mtengo! Munaonapo?"

Mzime anaponya mwendo pansi pa tebulo kuti awachenjeze, koma bambo ake anali ataimirira, ndiye anamenya mwendo wa tebulo n'kudzipweteka yekha.

"Munamufunsa kuti ndi ndani?" anafunsa akazi awo mofatsa, akupukuta supuni yomwe inali youma kale.

"Kufunsa? Amayi, mukanakhala inu m'dziko limenelija simukanatha ndi tsiku limodzi lomwe."

"Nanga m'thumbamo munali chiyani?"

"Ndani akudziwa? Ndatentha."

"Zoona," anatero mayiwo. "Ndani akudziwa."

Anatulutsa keke m'kabati, n'kuiyang'ana kwa kanthawi, kenako anatuluka nayo panja n'kukapatsa ana a aneba. A Nsikidzi anadabwa. Anaganiza kuti mwina pali mwana wa aneba amene wakhoza mayeso. Funso linafika pamilomo, koma TV inali ikuwaitana.

Mzime anatsatira amayi ake kukhitchini. "Ndikawauze?"

"Akakufunsa, uwauze zonse," anatero mayiwo, akutsuka poto mwamphamvu moti akanaboola. "Akapanda kufunsa, tseka pakamwa."

Sanafunse. M'masabata otsatira nyumba inazizira ngati firiji ya kubutchala. Mabatani a yunifolomu yawo ya kuntchito anayamba kuthothoka limodzilimodzi, osabwezeredwa, mpaka anayamba kumanga malaya ndi waya. Tiyi ankabwera, koma wopanda mawu. A Nsikidzi anaona ndithu kuti akazi awo asintha, ndipo atalingalira mozama anapeza yankho okha: ndi kuthamanga kwa magazi. Anawagulira adyo wambiri n'kumusiya patebulo.

Kumalekezero a dziko la m'gemu, Singano anadzuka m'chiguduli. Sanalire. Anayenda mpaka kudambo kuja, n'kuuza makasitomala ake zimene zinachitika paphiri. Apa ndi pomwe anadziwira kuti sanali yekha. Wina anati, "Inenso anandilasa, ndinkangofunsa njira." Wina anati, "Ine ndinkathawa mimbulu." Panali namwino amene ankasewera akaweruka kuchipatala, panali mlonda wa kubanki, panali ana asukulu, panali gogo wina wopuma pantchito amene analasidwa akutola bowa. Onsewa, mmodzimmodzi, anali anthu opanda vuto. Singano anawasokera yunifolomu yachikasu, ndipo atavala mofanana anasiya kukhala anthu opanda vuto.

Mlamu uja anatulukira chinsinsi mwangozi. Anapita kushopu kukapinditsa thalauza, n'kupeza achemwali ake atawerama pansi pa tebulo, akulamula gulu lankhondo monong'ona. Madzulo omwewo anaitana a Nsikidzi pamahedifoni.

"Alamu, ine ndikusamuka. Ndikupita kwa achikasu."

"Mwandigulitsa?"

"Magazi ndi magazi, alamu. Musandifunse chifukwa chake." Kenako anasintha maganizo. "Iyayi, ndifunseni. Chonde alamu, ndagwira mwendo wanu, ndifunseni chifukwa chake."

"Ine sindifunsa mafunso kwa ogalukira," anatero a Nsikidzi, n'kudula.

Nkhondo inabwera Lamlungu masana, anthu atangomaliza kudya. A Nsikidzi anali atakonzeka: mivi mulu, botolo la madzi pambali, pilo kumsana. Koma atakwera pansanja, anatikita m'maso. Phiri lonse linali lachikasu, ngati munda wa mpendadzuwa umene waganiza zoyenda. Analasa kumanja, analasa kumanzere, thukuta kamukamu, akudzilimbitsa mtima mokweza. Achikasu anabwera ndi makwerero mbali zonse. Mlamu wawo, amene anawathandiza kumanga chipata, ankadziwa bwino mbali imene chinali chofooka. Mivi itatha, mwini linga anatsika pansanja n'kuthawira malo okhawo otsala, m'khola la nkhuku.

M'menemo ndi momwe anawapeza, atadzipanikiza pakona, nkhuku imodzi itawakhala pachisoti. Gulu linazungulira khola, ndipo mawu anadzaza sikirini: Mupheni! Mupheni! Kenako anthu anapatuka, ndipo mtsogoleri wawo analowa. Anagunda mtengo wa chitseko, n'kubwerera pang'ono, n'kulowanso. Anakoka uta, muvi n'kuloza pamphumi pa a Nsikidzi. Pamwamba pa mutu wake panaoneka timadontho. Gulu lonse linadikira, chifukwa linkadziwa kuti mtsogoleri wawo salemba mothamanga.

Odi, anatero mawuwo. Ndinu ndani?

A Nsikidzi anasendera pafupi ndi TV. Miyezi yonse ya ntchito yawo inali pansonga ya muvi umenewo. Analemba: Ndine mwini malo ano. Munthu wamtendere.

Muli ndi banja?

Eya. Mkazi ndi ana. Ndichitireni chifundo.

Mkazi wanuyo ali kuti panopa?

Bambowo anakanda m'mutu. Funso lachilendo pankhondo. Anayesa kukumbukira ngati anamva chitseko chikutsekedwa, kapena madzi akutuluka pampopi. Analemba: Ali kukhitchini.

"Kukhitchini kulibe munthu," anatero mawu kumbuyo kwawo.

Anavula mahedifoni pang'onopang'ono n'kutembenuka. Akazi awo anali ataima pakhomo la balaza, laputopu padzanja lamanzere, chala chakumanja chili pamwamba pa batani. Kumbuyo kwawo kunali Mzime, ataluma pilo. A Nsikidzi anayang'ana akazi awo, anayang'ana TV, anayang'ananso akazi awo. Nkhuku ya pachisoti ija inalira.

"Amayi... ndinu Singano?"

"Ndine chitsiru chija chopepesa mitengo."

Mukanawathira madzi a ayezi kumsana sakanazizidwa choncho. Anakumbukira kuvina kwawo kozungulira tebulo. Anakumbukira keke.

"M'thumba muja," anapitiriza mayiwo, ndipo tsopano mawu awo sanali a nthabwala, "munali jekete labuluu ndi thalauza. Ndinasoka ndekha, madzulo aliwonse. Mabatani ake ndinakawatenga kwa zimbalangondo. Ndinayenda dziko lonse lija wapansi, ine munthu woopa ndi nguluwe yomwe, kuti ndidzakuvekeni pa tsiku la ukwati wathu. Sindinkafuna nkhuku zanu, abambo. Ndinkafuna kuti mundione. Pabalaza pano ndinalephera, ndiye ndinati mwina pachipata chanu mudzandiyang'ana kumaso."

"Nanga bwanji simunanene kuti ndinu?"

"Ndinali kulemba."

A Nsikidzi, munthu amene ankadziwa mankhwala a chilombo chilichonse chokwawa, anapeza kuti pa ichi alibe mankhwala. Anaika kowongolera kaja pansi, chinthu chimene banjalo linali lisanaonepo.

"Ndalakwa, mayi a ana anga," anatero motsitsa. "Ndalakwa kwambiri. Lasani."

Foni ya Mzime inalira. Anali amalume ake, mlamu uja, amene ankamva zonse kudzera m'mahedifoni aja, akupempha kuti awaike pa sipika.

"Achemwali, musamve zimenezo!" anakuwa. "Lasani! Munthu ameneyu mukamusiya adzalumanso. Ndi iye yemwe anatiphunzitsa kuti mphemvu siifunsidwa mafunso. Gogo wa bowa uja akuti mukalephera inu, alasa yekha."

"Alamu, ndinkakuyesani munthu," anatero a Nsikidzi mofooka.

"Ndinakupemphani kuti mundifunse!"

Mayiwo anayang'ana sikirini nthawi yaitali, chala chikadali pamwamba pa batani. Kunena zoona, chalacho chinkayabwa. Anali atalota mphindi imeneyi akudula nsalu, akusita makolala, akutsuka mapoto. Ndipo mlongo wawo sankanama: munthu amene walasa anthu ochuluka chotero sasintha chifukwa chogona m'khola masana amodzi.

"Kupha n'kosavuta," anatero pomaliza. "Ndi batani limodzi, ngakhale ine ndalidziwa. Koma ndikakuphani mukadzukira kutali, mukamange linga lina, mukalase anthu ena, ine ndibwerere kolankhula ndi nkhongo yanu. Ayi. Munthu woopsa amafunika kukhala pomwe ukumuona."

Anatsitsa uta. Chigamulo chinali chotere: linga likhala la achikasu, uta wa a Nsikidzi uthyoledwa, ndipo iwo akhala mlonda wa pachipata, wopanda chida. Ntchito yawo ikhala kulonjera aliyense wobwera, kumufunsa dzina, kumene akuchokera ndi chimene wanyamula. Gogo wa bowa anawonjezera kuti azimutolera bowa Lachitatu lililonse, ndipo palibe anatsutsa.

Sikuti zonse zinayenda bwino kuyambira pamenepo. Mwa alendo amene a Nsikidzi anawalonjera, ena analidi mbala, ndipo nkhuku zingapo zinapita. Nthawi iliyonse zikatero ankayang'ana akazi awo ndi maso oti "mwaonatu," koma mayiwo ankangoloza mudzi umene unali kukula mkati mwa mpanda, wokhala ndi wosula zitsulo, wophika buledi ndi sing'anga, onsewo anthu amene kale akanagona chagada pachipata. Nkhuku zobedwa zinkabwezeredwa sabata isanathe.

Koma chimene chinawagwetsa ulesi a Nsikidzi sichinachitike m'gemu. Madzulo ena, atazolowera ntchito yofunsa, anazimitsa TV okha, n'kukhala moyang'anizana ndi akazi awo, n'kutsokomola.

"Kodi amayi, kushopu kukuyenda bwanji?"

Mayiwo anatsala pang'ono kudzibaya ndi singano. "Shopu iti? Yakale ija ndinasamukamo kalekale. Ndili m'chipinda chachikulu cha pakona, ndipo ndili ndi atsikana awiri ondithandiza."

"Osandiuza?"

"Ndinakuuzani. Munati eee."

"Nanga magalasi amenewa mwayamba liti?"

"Chaka chatha."

A Nsikidzi anapukusa mutu. Anatembenukira kwa Mzime, amene anali kusenda lalanje pakona. "Nanga iwe, sukulu?"

"Ndinamaliza, adadi. Ndikugwira ntchito. Komanso pali munthu akufuna kudzandifunsira."

"Munthu? Ndani ameneyo? Bwanji sindikumudziwa?"

"Wabwerapo pano kangapo. Anakupatsani moni ali chogwada, inu munamupatsira kapu yoti akakutungireni madzi." Mzime anaponya kachidutswa ka lalanje mkamwa. "Ataona kuti pabalaza simupezeka, anaganiza zokakupezani kulinga kuti akadzidziwitse mwaulemu. Mukukumbuka wa chipewa chofiira uja, amene anabwera akukoka mbuzi ya mphatso?"

A Nsikidzi anatseka maso. Ankamukumbuka bwino. Anamulasa iye, kenako analasa mbuzi.

"Akuti akubwera Loweruka," anatero akazi awo, akulumiza ulusi ndi mano. "Wafunsa ngati kuli kofunika kuvala chisoti."

Bambowo anaika manja pamutu, akuwerengera mumtima zonse zimene zinadutsa pakhomo pawo iwo ali kalikiliki kulondera chipata cha m'TV. Uchi unali m'nyumba mwawo momwemo, wokwanira banja lonse, ndipo panalibe amene anawabisira. Chinkafunika n'kutsegula pakamwa basi. Koma iwo anatafuna zouma nthawi yonseyo, n'kumadzitama kuti ndi ochenjera. Akuluakulu sananame pamene anati safunsa anadya phula.